Injini ina kutsogolo, ina kumbuyo: maboti akale a mpikisano ankamangidwiranji choncho?

Funso lachokera kwa bambo wina amene amakonza magalimoto mumzinda wa Southampton ku England. Akuti: "Mu Ogasiti ndinawolokera ku Cowes kukaonera mpikisano wa maboti. Padoko panali boti lakale, lalitali, lowonda ngati ncheni, ndipo mwini wake anatsegula chivindikiro cha injini. Munali ma V8 awiri, injini za masilinda 8, onga a m'magalimoto a ku America, koma sanakhale moyandikana: ina inali kutsogolo, inzake kumbuyo. Kodi anaika dala? Maboti amenewa anayamba bwanji? Mnzanga wapeza thupi la boti lotere lopanda injini, motchipa, ndipo akufuna tiikemo injini ya galimoto yophwasulidwa. Zingatheke?"

Anaika dala, bambo, ndipo si zokongoletsa ayi. Za mnzanuyo ndifikako, koma ndineneretu kuti ndalama ya injini ija aisunge kaye m'thumba.

Inu mwazolowera galimoto, chinthu chimene matayala ake sachoka pansi. Boti la mpikisano wa panyanja yamchere limathamanga pamsewu umene nawonso ukuyenda, wa zitunda zotalika kuposa munthu, ndipo pa mphindi iliyonse limauluka kangapo n'kugwa. Zonse munaona pansi pa chivindikiro chija, ngakhale kuchuluka kwa anthu okwera, zinabadwa poyankha funso limodzi: boti likadumpha funde ili n'kukamenyetsa mimba pa linalo, chiyambe kuthyoka n'chiyani, nanga tichite bwanji kuti chisathyoke tisanafike?

Nkhani yake imayambira ku Florida, ku America. Mu 1956 Red Crise anayambitsa mpikisano wochoka ku Miami kukafika ku Nassau, likulu la zilumba za Bahamas, mtunda wa makilomita pafupifupi 296. Njirayi imadutsa Gulf Stream, mtsinje wa madzi ofunda umene umayenda m'kati mwa nyanja kulowera kumpoto. Mphepo ikachokera kumpoto n'kukumana nawo maso ndi maso, mafunde amaimirira ngati zipupa, mothithikana. Opambana chaka choyambacho, Sam Griffith ndi Dick Bertram, anatha maola opitirira 9 ali pamadzi. Mukawerengera mupeza makilomita 30 ndi pang'ono pa ola. Sikuti injini zinali zofooka. Vuto linali mimba ya boti: maboti othamanga a nthawiyo anali osongoka kutsogolo koma athyathyathya kumbuyo, abwino pa bata, koma pamafunde ankagwa ngati mwamenyetsa chitseko pansi. Amene anakwerapo boti la matabwa pa Nyanja ya Malawi mwera utakwiya akudziwa chimene woyendetsa amachita. Amachepetsa moto, injini isanatope n'komwe, chifukwa misana ya anthu ndi misomali ya boti ndizo zimayamba kudandaula.

Amene anathetsa vutoli sanali munthu wa injini. Anali C. Raymond Hunt, mmisiri wojambula maboti wa ku New England, dera la kumpoto chakum'mawa kwa America. Iye anapanga mimba yooneka ngati chilembo V kuyambira kumphuno mpaka kumbuyo kwenikweni, mbali iliyonse itakwera madigiri 24, n'kuikapo timizere totumphuka m'litali mwake tonyamula boti ndi kutayira madzi kumbali. V yotere imang'amba funde ngati nkhwangwa m'malo molimenya ndi chikhatho. Mu 1958 Bertram, ali ku Newport pa mipikisano ya maboti a matanga ya America's Cup, anaona kaboti ka Hunt ka mamita 7 kakudutsa pamafunde mwaliwiro ena onse akukwawa. Anaitanitsa lake la matabwa, la mamita 9 ndi pang'ono, n'kulitcha Moppie, dzina limene ankaitanira mkazi wake. Pa mpikisano wa 1960 nyanja inali itavuta zedi. Moppie linafika ku Nassau m'maola 8, lachiwiri linatulukira patapita maola pafupifupi awiri, ndipo ena anafika mawa lake. Bertram anaumba chikombole pa thupi lomwelo n'kuyamba kupanga maboti a faiba otchedwa Bertram 31. Boti munaona ku Cowes lija, kaya analimanga ndani, ndi mdzukulu wa Moppie.

Koma walira mvula walira matope. V yakuya imazama kwambiri m'madzi, motero imafuna mphamvu zochuluka kuti inyamuke ndi kuthamanga. Komanso pansi pake m'popapatiza, palibe malo abwino okhazikapo zinthu zolemera. Boti likufuna injini zazikulu, koma likukana kuzipatsa pokhala. Zaka 30 zotsatira amisiri anazithera pa mkangano umenewu.

Injini za galimoto zinalowa chifukwa ku America zinali mbwee, zotchipa, ndipo poyerekeza ndi kulemera kwake zinkapereka mphamvu zoposa injini za m'madzi za nthawiyo. Mpikisano munakaonera uja, wochoka ku Cowes kupita ku doko la Torquay, anauyambitsa ndi Sir Max Aitken wa nyuzipepala ya Daily Express mu 1961, atasirira wa ku Miami. Woyamba kupambana, Tommy Sopwith, anali m'boti lotchedwa Thunderbolt, mimba yake yotengera nzeru za Hunt, injini zake ma V8 awiri a Cadillac okonzedwera m'madzi. Chaka chotsatira kunabwera chimphona, Tramontana, chomangidwa ndi kampani ya Vosper ya ku Portsmouth, kufupi ndi kwanuko, chili ndi injini ziwiri zikuluzikulu za ku Italy, iliyonse ya hosipawa yopitirira 1,000. Woyendetsa anali Jeffrey Quill, yemwe uja ankayesa ndege za nkhondo za Spitfire. Chinapambana, ndipo zinaonekeratu kuti popanda malire chikho chizingopita kwa wa thumba lalikulu. Malire amene anadzakhazikika m'gulu lapamwamba anali malita 16.4 pa injini za petulo zonse pamodzi, kapena kuti ma cubic inch 1,000 m'kawerengedwe ka ku America. Gawani pawiri. N'chifukwa chake pa injini zakale za mpikisano mumakumana ndi manambala achilendo ngati 482 ndi 496: ndi ma Chevrolet a mtundu wa 427 ndi 454 amene anawakuza mpaka kutsala pang'ono kugunda 500, kuti awiri pamodzi asadumphe mzere.

Okonza injinizi anali odziwika. Holman & Moody, akatswiri a magalimoto a mpikisano ku North Carolina, ankakonza ma Ford 427. Daytona Marine ankaika turbo pa ma Chevrolet. Kenako MerCruiser ndi Kiekhaefer Aeromarine analanda bwalo, ndipo m'ma 1970 injini imodzi inkapereka hosipawa pafupifupi 600. Pa moto wonse injini yotere imamwa malita oyandikira 200 pa ola, ndiye kuti ziwiri zikumaliza migolo iwiri ya petulo ola lililonse. Mafuta amenewo ndi katundu amene akuchepa ulendo uli m'kati, motero matanki amawaika pakati, pamene boti limalinganirapo, kuti lisasinthe khalidwe akamaphwa. Maboti ambiri analinso ndi thanki kumphuno yodzazamo madzi a m'nyanja mafunde akakula, kuti mutu usamadzuke kwambiri.

Tsopano mphamvuyo ifika bwanji kumadzi? Moppie ndi anzake oyambirira ankayendera shafuti yowongoka: injini pakati pa boti, shafuti ikuboola mimba motsetsereka, pulopela pansi, tsigiro kumbuyo kwake. Ndi njira yolimba, koma pulopela imakankha mopendekeka, ndipo zitsulo zonse zolendewera pansi zimabweza liwiro, poti madzi amalemera kuposa mpweya maulendo pafupifupi 800. Chimene chinasintha zinthu ndi sterndrive, ine ndimangoti mwendo: injini imakhala m'kati kumbuyo, ndipo kunja kwa thabwa lakumbuyo kumalendewera mwendo wonga wa injini zopachika zija, wotha kukhota ndiponso kukwera kapena kutsika. Mbiri yake ili ndi kachinsinsi. Anthu kwa zaka zambiri ankadziwa kuti anaupanga ndi Jim Wynne, amene anaugulitsa ku Volvo Penta ya ku Sweden n'kutuluka mu 1959 ndi dzina loti Aquamatic. Patapita zaka pafupifupi 30 m'pamene zinaululika kuti nzeruyo inali ya Charles Strang, injiniya wa kampani ya Mercury, amene bwana wake Carl Kiekhaefer anali ataikana. Strang anainong'oneza Wynne, mwiniwake n'kukhalabe pantchito ku Mercury. Volvo itayamba kugulitsa, Kiekhaefer anathamangira kupanga wake, MerCruiser, mu 1961, osadziwa kuti mwini nzeru amamupatsa moni m'mawa uliwonse.

Ubwino wa mwendo ndi woti mutha kusintha kaimidwe ka boti muli pa liwiro. Mukaukankhira kunja mphuno imadzuka, thupi lochepa lokha n'kumakhudza madzi, liwiro n'kukwera. Mukaubweza m'kati mphuno imatsika n'kumadula mafunde. Kuipa kwake n'koti mphamvu imakhota kawiri isanafike pa pulopela, ndipo pokhota paliponse pali mano a giya. Miyendo ya mpikisano, monga Speedmaster ya Mercury, inalibe n'komwe zosinthira magiya m'kati. Zimenezo zinkakhala m'bokosi lapadera kumbuyo kwa injini, ndipo mabokosi ena ankafuna muzimitse kaye injini kuti mulowetse giya. Pofika padoko ndi boti lotere munthu ankatuluka thukuta kuposa pa mpikisano.

Tangoganizani muli pa makilomita 110 pa ola, injini zikuzungulira maulendo 5,000 pa mphindi, boti lakwera funde n'kuchoka lonse m'madzi. Mapulopela akupalasa mphepo. Injini zasowa katundu, ndipo sekondi isanathe zikukuwa mpaka mavavu kulephera kutsekeka pa nthawi yake. Kenako boti lagwa, mapulopela aluma madzi nthawi imodzi, ndipo nkhonya yonse ija yagwera pa mano a m'mwendo, monga munthu amene waponda moto mpaka pansi n'kusiya kilachi mwadzidzidzi. Kamodzi mwina mupulumuka. Ulendo wa ku Torquay ndi kubwerera zimachitika osawerengeka. Apa ndi pamene panabadwira ntchito ya munthu wachiwiri, wa moto. Iye sagwira chiwongolero. Dzanja lake lili pa ndodo za mafuta: boti likamanyamuka amabweza, mapulopela akamakhudza madzi amathiranso, ndipo dzanja linalo likusintha miyendo ndi mapiko achitsulo a kumbuyo. Amamva boti ndi mapazi asanalione ndi maso. Wachitatu ankagwira kampasi ndi mapu, poti GPS kunalibe. Onse atatu ankayenda choimirira, atapanikizika m'timipanda ta khushoni, mawondo atapinda pang'ono kuti alandire nkhonya m'malo mwa msana. Nyuzipepala zinkatama woyendetsa, koma amakaniko ankadziwa amene wabweretsa injini zamoyo. Betty Cook, mayi wa ku America amene anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1977 ndi 1979, n'kupambananso ku Cowes mu 1978, ankayenda ndi John Connor pa moto, ndipo amene amaudziwa mpikisanowu satchula mmodzi kusiya mnzake.

Tifike pa funso lanu lenileni. Tengani pepala, jambulani chilembo V, muyese kuikamo mabokosi awiri moyandikana. Muona kuti satsika pansi. Lililonse limatsakamira pa chitunda cha mbali yake, m'mwamba ndithu, kutali ndi msana wa boti. Ma V8 akuluakulu ndi otambalala, ndipo mukawonjeza mapaipi a ekizozi, pakati pa injini ndi inzake pamakhala masentimita pafupifupi 90. Zotsatira zake ndi zitatu. Kulemera kuli pamwamba ndiponso m'mbali, choncho boti likayamba kupendekeka limapitiriza. Mapulopela nawo ali motalikirana, pamalo pamene mimba yakwera, ndiye boti likangopendekera kumanzere wa kumanja amatuluka m'madzi mnzake akukankhabe. Pa liwiro lalikulu, pamene boti likuyendera kachidutswa kakang'ono ka msana, zimenezi zimayambitsa kavinidwe koopsa, kugwa uku ndi uku mowonjezereka mpaka woyendetsa atabweza moto kapena atagubuduzika. Chachitatu ndi cha ife amakaniko: kusintha mapulagi a m'kati mwa injini zoyandikana kumafuna dzanja la mwana ndi mtima wa m'busa.

Tsopano sunthirani bokosi limodzi kutsogolo kwa linzake. Poti sakugundananso mapewa, onse awiri atha kuyandikira msana wa boti n'kutsika m'kati mwa V. Injini yakumbuyo imalumikizika ndi mwendo wake pafupi, yakutsogolo imatumiza mphamvu kudzera pa shafuti yodutsa m'mbali mwa inzake. Miyendo iwiri ija imayandikana kwambiri, pakuya penipeni pa mimba, pamalo pamene pamachedwa kuchoka m'madzi ndipo pamayamba kubwereramo. Kulemera kwatsika, kwasonkhana pakati, ndipo gawo lina lasunthira kutsogolo, zimene zimathandiza boti kuuluka mowongoka ndi kutera bwino m'malo mogwera kumbuyo mphuno ili kumwamba. Thupi lenilenilo litha kukhala lowonda ngati ncheni mwanenayo. Azungu kaikidwe kameneka amakatcha staggered.

Mtengo wake ulipo. Chipinda cha injini chimatalika n'kudya malo a anthu, n'chifukwa chake maboti ogulitsa kwa anthu osangalala nawo Loweruka ambiri anakhalabe ndi injini zoyandikana. Shafuti yowonjezera ija ili ndi mfundo zake zofuna girisi ndi kulinganiza, ndipo ikaduka pa maulendo 5,000 imakwapula chilichonse chili pafupi. Padoko, boti la mapulopela otalikirana mumalitembenuza pamalo amodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo. La mapulopela oyandikana silimva msanga, ndipo mphepo ikakhala ya m'mbali mumaonera manyazi pamaso pa anthu.

Mukadzalionanso boti lija, suzumirani mapulopela. Mupeza kuti amazungulira mosiyana, wina kumanja wina kumanzere. Pulopela imodzi yokha imapotoza boti kumbali, ndiye awiri otsutsana amathetsana. Kale, pa maboti a shafuti, injini imodzi inkamangidwa kuti izizungulira chobwerera, ndi camshaft yakeyake. Pambuyo pake ntchitoyo inasamukira m'magiya. Amene amagula injini zakale ziwiri osafunsa zimenezi amadzadabwa tsiku loliza.

Si onse anatsata njira imodzi, ndipo zaka za m'ma 1960 zimandikomera chifukwa aliyense ankayesa zake. Renato Levi, wodziwika kuti Sonny, anajambulira abale awiri a banja la Gardner boti lotchedwa Surfury, la mamita 11, lomangidwa ndi matabwa opyapyala omatizana ku Cowes komweko. Injini zake ziwiri za Daytona anazindandalika pamzere umodzi pamsana pa boti, zonse zikuzunguza shafuti imodzi ndi pulopela imodzi. Ndi maganizo omwe aja a staggered atafika pamapeto pake: kulemera konse pakati, zitsulo zochepa m'madzi. Linapambana mpikisano wa ku Cowes mu 1967 pa liwiro lopitirira makilomita 80 pa ola, ndipo kwa ine palibe boti la nthawi imeneyo lokongola kuliposa. Koma chaka chotsatira linagonja kwa kaboti ka injini imodzi, Telstar, kojambulidwa ndi Don Shead. Nyanja itavuta, Sopwith, amene ankayendetsa Telstar, anazungulira m'mphepete mwa gombe la Lyme Bay momwe madzi anali ofatsa, pamene Surfury linadula pakati n'kumamenyana ndi mafunde. Njira yaitali inafika msanga. Mu 1965 Bertram anali atapambana mpikisano womwewu ndi Brave Moppie la injini za dizilo, ndipo mu 1969 mpikisano wozungulira Britain yense anapambana ndi Timo Mäkinen, katswiri wa magalimoto wa ku Finland, pa Avenger Too, lokhala ndi injini zitatu zopachika za Mercury.

Dzina limene anthu ambiri amalidziwa ndi la Don Aronow. Anali kontilakitala wa zomangamanga ku New Jersey, n'kusamukira ku Miami ali ndi ndalama ndiponso nthawi. Pa msewu umodzi, NE 188th Street, anayambitsa makampani motsatizana, akumanga, kupambana, kugulitsa, n'kuyambitsa ina pafupi pomwepo: Formula, Donzi, Magnum, kenako Cigarette. Maboti ake oyambirira anamujambulira ndi Jim Wynne ndi Walt Walters. Iyeyo luso lake linali kuyendetsa mopanda mantha ndi kugulitsa. Anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1967 ndi 1969, ndipo mu 1969 momwemo anapambana ku Cowes pa liwiro lopitirira makilomita 100 pa ola m'boti lotchedwa The Cigarette, dzina lotengedwa ku boti lozembetsa mowa m'nthawi imene America inaletsa zakumwa zoledzeretsa. Dzinalo linalosera. Maboti otere anakondedwa ndi mafumu, George Bush wamkulu, amene anakhalapo pulezidenti wa America, anali nalo lake, koma anakondedwanso ndi ozembetsa mankhwala osokoneza bongo, mpaka boma la America linagula maboti kwa Aronow yemweyo owathamangitsira. Aronow anaphedwa moomberedwa ali m'galimoto pa msewu wa makampani ake uja pa 3 Febuluwale 1987.

Pofika nthawi imeneyo nyengo ya V yakuya pa mipikisano inali ikutha. Maboti a mathupi awiri, amene kampani ya Cougar ya James Beard ndi Clive Curtis inawatchukitsa, amanyamulidwa ndi mpweya wodutsa pakati, ndipo injini iliyonse ili ndi thupi lakelake, choncho mkangano wa malo uja unatha wokha. Mapulopela anakwera n'kumayenda theka lili kunja kwa madzi, njira imene Levi anaiyamba ndipo Howard Arneson anaifalitsa. Ku Italy Lamborghini inabweretsa ma V12, ndipo Fabio Buzzi anatenga chikho cha dziko lonse mu 1988 ndi Cesa 1882, boti la thupi limodzi lonyamula injini zinayi za dizilo za Seatek. Liwiro linakwera kuposa zimene thupi la munthu wa poyera lingapirire. Didier Pironi, amene kale ankayendetsera Ferrari pa mipikisano ya magalimoto, anafera kufupi ndi Isle of Wight, chilumba chimene pali Cowes, mu 1987, ndipo Stefano Casiraghi, mwamuna wa Caroline, wa banja lachifumu la ku Monaco, anafa mu Okutobala 1990 akuteteza chikho chake. Zitatero oyendetsa anayamba kukhala pansi, omangidwa malamba, m'zipinda zotsekedwa ngati za ndege za nkhondo.

Tsopano za mnzanu uja. Kunena zoona, chitsulo chenicheni cha injini, buloko, nthawi zambiri n'chimodzimodzi ndi cha galimoto. Zozungulira bulokoyo ndizo zosiyana, ndipo zina mwa izo ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Nthunzi ya petulo imalemera kuposa mpweya. M'galimoto imagwera pamsewu mphepo n'kuitenga, koma m'boti imatsikira m'mimba n'kukhala momwemo kudikira. Sitata, alternator ndi distributor za galimoto zimathetheka moto poyera, pamene za m'boti n'zotsekedwa. Kabureta ya m'boti ikasefukira imatayira mafuta m'kamwa mwa injini, osati kunja, ndipo pamwamba pake pamakhala sefa yachitsulo yozimitsa lawi. Musanalize mumayatsa fani yokoka mpweya wa pansi kwa mphindi zinayi, n'kununkhizanso ndi mphuno yanu. Mapaipi a ekizozi amazunguliridwa ndi madzi, apo ayi angayatse faiba. Ladiyeta kulibe, injini imazizira ndi madzi a m'nyanja okokedwa ndi pampu ya mapiko a labala, ndipo mchere umadya zitsekero ndi magasiketi a galimoto m'kanthawi kochepa. Mukaikamo camshaft yolusa ya pamsewu, injini ikamalira pang'onopang'ono imayamwa madzi kuchokera mu ekizozi n'kuwalowetsa m'masilinda. Kuwonjezera apo, galimoto pamsewu wabwino imagwiritsa ntchito kagawo kochepa ka mphamvu zake, pamene boti lili ngati lole yodzaza katundu imene ikukwera phiri losatha, popanda potsetsereka popumulira. Mukawerengera zonse zofunika kusintha, injini yotchipa ija yadula kuposa yakale ya m'madzi yokonzedwanso.

Komabe injini si poyambira. Thupi lotchipa limakhala ndi chifukwa chake. M'kati mwa faiba ya thabwa lakumbuyo ndi ya mitanda imene injini zimakhalapo muli pulayiwudi, ndipo m'maboti ena pansi ndi padenga muli mtengo wopepuka wa balsa. Madzi akalowera pa bowo la bawuti, mtengowo umawola mwakachetechete kunja kukuwalabe. Ndinaitanidwapo kukaona boti lina la mamita 8 limene mwini wake anali atagula kale injini ziwiri, penti ikunyezimira ngati latuluka dzulo m'fakitale. Ndinagogoda kumbuyo ndi kahamala, ndipo m'malo molira kuti ngwe linkangoti phu, phu. Nditaboola kabowo m'munsi cha m'kati, panatuluka madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo zotsalira pa chiboolero zinali ngati gaga wonyowa. Mwendo wa hosipawa 400 ukanazula thabwa lonselo pa funde loyamba lalikulu. Mwini wakeyo anakhala pa ndowa osayankhula kwa nthawi ndithu. Matanki a aluminiyamu okwiriridwa m'thovu lolimba pansi pa boti nawonso amadyeka mosaoneka, ndipo kuwatulutsa kumafuna kudula pansi ponse.

Thupi likapezeka lamoyo, liwerengeni mmene analimangira. Mabowo akale a kumbuyo akuuzani ngati linali la injini imodzi, ziwiri zoyandikana kapena zotsogozana, ndiponso kuti miyendo inkakhala pamwamba bwanji. Musasinthe zimenezo mwachisawawa. Boti lojambulidwira injini ziwiri mukaliika imodzi, kapena mukakweza mwendo ndi masentimita ochepa chabe, limasanduka boti lina limene palibe analiyesapo. Ndikanakhala ine ndikanafuna MerCruiser 454 kapena 502 wamba, ya hosipawa 300 mpaka 400 ndi pang'ono, pa mwendo wa Bravo One umene unabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo zipangizo zake zikupezekabe. Siifika liwiro la Aronow, koma imalira mukaikhudza ndipo imalowa giya padoko popanda sewero. A inshuwalansi kumeneko kawirikawiri amafuna lipoti la woyeza maboti asanalandire boti lakale, ndiye ndi bwino kumuitana musanalipire, osati mutalipira.

Loweruka likubwerali pitani ndi mnzanuyo mutatenga kahamala, tochi ndi chiboolero chaching'ono, mupemphe mwini wake chilolezo choboola malo awiri kapena atatu m'kati, m'munsi mwa thabwa lakumbuyo ndi pa mitanda ya injini. Akakana, bwererani. Mukatuluka utuchi wouma, woyera, ndilembereninso mundiuze kutalika kwa boti ndi mtunda wa pakati pa mabowo a miyendo, tidzayambire pamenepo kusankha injini.